Mau a Khonsolo ya Blantyre ndi Njira Zace

Boma la mzinda liri ndi nchito zambiri: kukonza miseu, kutaya zinyalala, kusunga misika, kukhometsa msonkho wa nyumba, ndi kulamula malo pamene munthu angamange. Palibe imodzi mwa nchito izi imene ingatheke popanda mau. Mau ena acokera kwa akulu a ofesi kunka kwa anchito ao, ena acokera ku ofesi kunka kwa eni mudzi, ndipo ena ayenera kubwerera kucokera kwa eni mudzi kunka ku ofesi. Mbiri ya Blantyre isonyeza kuti njira ziwiri zoyambazo zinalambulidwa msanga, ngakhale zinali zokhotakhota, koma njira ya mau obwerera inakhala yowirira zaka zambiri. Munthu wa ku Chirimba, kapena wa ku Ndirande, anamva zimene khonsolo inalamula, koma khonsoloyo siinamve kawirikawiri zimene iye anayankha.

Mzinda usanamangidwe

Kale, pakati pa Amang'anja ndi Ayao okhala m'tsinde mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, mau a mfumu sanayende ulendo wautali. Mthenga anazungulira midzi, anthu nasonkhana pabwalo. Mfumu inalankhula pamodzi ndi nduna zace m'cinenero cimene munthu ali yense anacimva, ndipo wosakhutira anapempha mpata nafunsa pomwepo. Cotero uthenga ndi yankho lace zinakomana pamalo amodzi, tsiku lomwelo.

Amishoni a Church of Scotland anafika m'dziko la mfumu Kapeni m'caka ca 1876, napatsa malowo dzina la Blantyre pokumbukira kwao kwa David Livingstone. M'zaka zotsatira anabweretsa belu, sukulu ndi makina osindikizira mabuku. Belu linamveka kwa onse, koma kalata inamveka kwa okhawo amene analowa sukulu. Kuyambira pamenepo anthu anagawika pawiri, akutha kuwerenga mau a akulu ndi oyembekeza kuti wina awawerengere.

Khonsolo ya eni masitolo

Dziko linalowa m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1891, ndipo m'caka ca 1895 Blantyre anakhala tauni ya ulamuliro wace wace, yoyamba m'dziko lonse. Olamulira tauniyo anali Azungu a malonda ndi eni nyumba, osankhidwa ndi Azungu anzao. Malamulo anatuluka m'nyuzi ya Boma, British Central Africa Gazette, imene inayamba ku Zomba m'caka ca 1894. Nkhani za tauni zinalembedwanso m'nyuzi ya Azungu imene inayamba m'caka ca 1895 ndi dzina la Central African Planter, nisanduka Nyasaland Times m'caka ca 1908. Zonsezi zinali m'Cingerezi. Nyumba yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa m'caka ca 1903 pa mseu wa Victoria Avenue, inakhala malo a misonkhano ya tauni. Njanji itafika m'caka ca 1908, Limbe anakula ndi malonda a fodya nakhala ndi khonsolo yace, kufikira m'caka ca 1956 pamene matauni awiriwo anaphatikizidwa.

Anchito a khonsolo, ndiwo osesa, okumba ngalande, otaya ndowa za zimbudzi ndi oyang'anira msika, anali anthu akuda, ndipo ambiri a iwo sanadziwe kuwerenga. Lamulo linalembedwa m'Cingerezi ku ofesi, linatsikira kwa Mzungu woyang'anira nchito, iye anauza kalaliki, kalaliki anamasulira kwa kapitao, ndipo kapitao anapfuulira gulu lace m'mawa pa nthawi yoitana maina. Pa khwerero liri lonse mau anaperewera. Cinthu cimene cinacoka ku ofesi pamodzi ndi cifukwa cace cinafika kwa wosesa ciri lamulo louma, lopanda cifukwa. Dandaulo la wosesa nalonso linayenera kukwera makwerero omwewo, ndipo pa khwerero liri lonse panali munthu wakutha kulibweza. Apa ndipo panacokera mphamvu ya kalaliki ndi kapitao, pakuti iwo okha anali ndi khutu ku mbali zonse ziwiri.

Anthu a kunja kwa malire

Malire a tauni anali aang'ono. Anthu akuda ambiri ogwira nchito m'masitolo a Azungu ndi Amwenye, m'nyumba za mabwana ndi m'mafakitale a fodya anagona kunja kwa malirewo, m'midzi yonga Ndirande, Chilomoni, Chirimba ndi Bangwe, nalawira wapansi m'mamawa. Usana anali pansi pa malamulo a khonsolo, usiku anali pansi pa nyakwawa zao ndi Bwana Disi. Lamulo la m'caka ca 1933 linapatsa mafumu akulu mphamvu ya kuika malamulo ndi kuweruza milandu m'maiko ao, ndipo mau a Boma anafika m'midzi ndi mesenjala wonyamula kalata kwa mfumu. Koma khonsolo ya tauni inalibe mesenjala wotere wonka kwa anthu amene sanali osankha ace. Panali lamulo lakuti munthu wakuda asayende m'tauni usiku popanda ciphaso, ndipo mlendo wocokera kumudzi kawirikawiri anayamba kulidziwa lamulo lotere atagwidwa kale ndi msilikali.

Anthu ophunzira anayesa kudzilambulira okha njira ya mau obwerera. Bungwe loyamba la anthu akuda, North Nyasa Native Association, linayamba kumpoto m'caka ca 1912, ndipo m'zaka za m'ma 1920 la ku Blantyre linayambanso. Aphunzitsi, makalaliki ndi abusa anasonkhana, nalemba mfundo zao m'Cingerezi, nazitumiza ku Boma. M'caka ca 1944 mabungwe otere anaphatikizana ku Blantyre nakhala Nyasaland African Congress, Levi Mumba ali mtsogoleri woyamba, ndi James Frederick Sangala mmodzi wa oyambitsa ace. Kalata zao zinalandiridwa, koma wolandirayo sanakakamizidwe kuyankha.

Nyuzi ndi wailesi

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Boma linaona kuti silingalamulire anthu osalankhula nao. M'zaka za m'ma 1950 linasindikiza nyuzi ya anthu akuda, dzina lace Msimbi. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inaulutsa mau m'Cinyanja, ndipo m'caka ca 1949 kunafika wailesi yotsika mtengo ya batire, Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya. Tsopano mau a olamulira anatha kulowa m'nyumba popanda kapitao kapena mesenjala.

Koma zipangizo zatsopanozi zinafika pa nthawi imene anthu analeka kukhulupirira mwini mau. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953 anthu akuda atacikana poyera, ndipo nyuzi ndi wailesi zimene zinacitamanda zinayesedwa pakamwa pa mdani. Pa 3 March 1959 Boma linalengeza za nthawi ya ngozi nimanga atsogoleri a Congress, ndipo caka comweco cipani catsopano ca Malawi Congress Party cinayambitsa nyuzi yace, Malawi News. Anthu a m'midzi yozungulira tauni anachera khutu ku misonkhano ya cipani koposa ku zolengeza za olamulira, popeza kumeneko kunalankhula anthu odziwa mabvuto ao a madzi, nyumba ndi malipiro.

Zaka za cipani cimodzi

Ufulu unafika m'caka ca 1964, ndipo caka comweco nyumba ya wailesi ya Malawi Broadcasting Corporation inayamba nchito. M'caka ca 1966 Blantyre anakwezedwa kukhala mzinda, ndipo m'caka ca 1968 Cinyanja cinapatsidwa dzina la Chichewa nicikhala cinenero ca dziko pamodzi ndi Cingerezi. Midzi imene inali kunja kwa malire inalowa m'kati mwa mzinda, ndipo anthu ace anakhala ndi makhansala akuda. Mau ocokera kumwamba anayenda msanga koposa kale lonse, pakuti dera liri lonse linali ndi wapampando wa cipani, ndi anyamata a cipani oyenda khomo ndi khomo kuitanira anthu ku msonkhano. Mau ena sanafune ngakhale pepala: nyumba yakale ya m'tauni imene inayenera kugwetsedwa inalembedwa nyenyezi yofiira pakhoma, mwini wace nadziwa cimene camgwera.

Koma kuyankha kunali koopsa. Khansala anali munthu wa cipani, ndipo wodandaula mokweza anatha kuyesedwa woukira. Zotsatira zace zinaoneka pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zao ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda. Mlanduwo unali wa apolisi ndi Boma lalikulu, osati wa khonsolo, koma phunziro lace likhudza olamulira onse. Popeza anthu sanauzidwe zomveka, ndipo analibe pofunsira, kunabuka mphekesera yakuti Boma lomwe linalikutenga mwazi wa anthu kuutumiza ku South Africa. Munthu wina anagwidwa m'caka ca 1970, pambuyo pace naweruzidwa kuti aphedwe, koma mphekeserayo siinafe naye.

Makhansala kukhalapo ndi kusowa

Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 June 1993, pakamwa panatseguka. Lamulo la maboma aang'ono la m'caka ca 1998 linapereka mphamvu zambiri kwa makhonsolo, ndipo makhansala anasankhidwa m'November 2000. Nthawi yao inatha m'caka ca 2005, koma cisankho cina sicinacitike kufikira pa 20 May 2014. Kwa zaka 9 mzinda unayendetsedwa ndi anchito a ofesi okha, popanda munthu wosankhidwa amene mai wa pa msika wa Chirimba akanamgogodera pakhomo. M'zaka zimenezi, monganso kale, anasenza mau anali mafumu a m'madera ndi akulu a mabuloko, abusa m'machalichi ndi mashehe m'mizikiti. Pa maliro, mfumu ikaimirira kuthokoza anthu, inaonjezapo za zitsime, za katemera, kapena za malo otayira zinyalala, ndipo mwambo umenewu ulipobe.

Kalembera wa m'caka ca 2018 anapeza anthu 800,264 mu mzinda wa Blantyre. Ofesi za khonsolo ku Chichiri zilankhula ndi khamu limeneli pa mawailesi ambiri, m'nyuzi, pa galimoto za zimkuzamau ndi pa Facebook, ndipo kalata imene kale inadikira pa bolodi la ofesi ifika kwa wanchito pa lamya ya m'manja. Kuyambira pa 30 September 2020 liripo lamulo lopatsa munthu ali yense ufulu wa kupempha nkhani zosungidwa m'maofesi a Boma. Komabe malamulo alembedwa m'Cingerezi monga kale, ndipo lamya imene ibweretsa uthenga woona ibweretsanso wabodza. M'March 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ena a iwo ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche. Macenjezo anaulutsidwa pa wailesi mvula isanafike, koma cenjezo lithandiza kweni kweni munthu amene wauzidwanso kumene angathawire, ndi amene anamvedwa kale pamene ananena kuti alibe malo ena omangapo. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko: eni dera ndiwo adziwa ngalande imene yatsekeka ndi mlatho umene wagwedera, ofesi isanadziwe.

Malo a mphunzitsi

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale m'madera awa aima pamene panaima kalaliki wakale. Makolo amtengera kalata ya khonsolo kuti awamasulire, akulu a zaumoyo atuma mau a kolera kupyolera mwa ana ace, ndipo pa nthawi ya namondwe Freddy zipinda za sukulu zambiri zinasanduka misasa ya othawa madzi. Cifukwa cace ayenera kupewa colakwa ca makwerero akale aja. Pomasulira lamulo anene ndi cifukwa cace comwe, m'mau amene agogo a mwanayo angamve, osacepetsa kapena kuonjezera.

M'kalasi angathe kutenga cidziwitso ceni ceni ca khonsolo, ana a Sitandade 7 kapena 8 nacimasulira m'Chichewa, nafufuza amene anacilemba, tsiku lace, cidindo cace, ndi kumene munthu angapite nalo funso. Mwana wozolowera kufuna zinthu zinaizi sadzathamanga ndi uthenga uli wonse wopezeka pa lamya. Angathenso kuwaphunzitsa kulemba kalata yaulemu kwa khansala wa dera lao, yonena cinthu cimodzi coona, monga cimbudzi ca pa msika kapena mlatho wa pa njira ya kusukulu, ndi kusunga tsiku limene anaitumiza kuti adzafunse yankho. Kalata zotere agogo ao anazilemba m'cinenero ca eni ace, kwa anthu amene sanawasankhe. Ana a ku Chirimba angazilembe m'cinenero cao, kwa munthu amene makolo ao anamsankha, ndipo angadziwe kulemba kwace ngati mphunzitsi wawaonetsa.