Mkamwini Wocokera Kutsidya kwa Malire

Pa mwambo wathu wa Acewa ndi Ansenga, mnyamata akakwatira amacoka kwao nakakhala kumudzi kwa mkazi wace, ndipo kumeneko akhala mkamwini. Apongozi amamuonetsa malo omangapo nyumba, namgawiranso munda, pakuti makolo athu anadziwa kuti munthu sangakhale pamudzi wopanda polima. Zinthu ziwiri zimenezi, pokhala ndi polima, ndizo zimene maboma a makono amapereka pa pepala: cina ndi cilolezo ca kukhala m'dziko, cina ndi cilolezo ca kugwira nchito. Mbiri ya mapepala awiriwa iyenera kudziwika kwa inu anyamata ndi asungwana amene mwatsiriza sukulu, cifukwa palibe mmodzi wa inu adziwa kumene adzapeza banja.

Kale kukwatira kutali kunali nkhani ya ankhoswe ndi mfumu ya mudzi basi. Koma m'caka ca 1891 Britain ndi Portugal anapangana za malire ao, ndipo m'zaka zotsatira dziko la Acewa linagawika patatu: ena anapezeka mu Northern Rhodesia, ena mu Nyasaland, ena mu Mozambique. Kufikira lero anthu a maiko atatuwa amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalambira Kalonga Gawa Undi, koma mnyamata wa ku Mchinji akakwatira ku Chipata, Boma limuyesa mlendo ngakhale apongozi ace alankhula cinenero cace comwe.

Pamodzi ndi malirewo panafika maganizo acilendo pa za ukwati. Lamulo la ku Britain la caka ca 1870 linati mkazi wokwatiwa ali nzika ya dziko la mwamuna wace. Motero mkazi wa ku Britain akakwatiwa ndi munthu wa dziko lina anali kutaya unzika wace, pamene mwamuna wa ku Britain akakwatira kunja mkaziyo anali kulandiridwa monga mbadwa. Ici tingati cinali citengwa cokakamiza, cosalola cikamwini konse. Lamulo la 1948 linacotsa mbali imodzi ya coipaco, mkazi nayamba kusunga unzika wace, ndipo mu 1957 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano lakuti ukwati pa wokha usasinthe unzika wa mkazi. Koma mbali ina inatsala: mkazi wacilendo anali ndi njira yapafupi yolembetsera unzika, pamene mwamuna wacilendo analibe.

Maiko athu polandira ufulu, ambiri anatengera maganizo omwewo. Malamulo aakulu a Zambia a 1964 analola mkazi wokwatiwa ndi nzika kulembetsa unzika, koma sanapereke mwai wotere kwa mwamuna wokwatira nzika. Mcona wobwera ndi mkazi wa ku Harare kapena wa ku Johannesburg sanali kubvutika kwambiri. Wobvutika anali mwana wamkazi wa dziko amene anafuna kubwera ndi mwamuna wace kwao.

Mmodzi mwa amene anatsutsa zimenezi m'bwalo la milandu kuno kumwera kwa Africa, nachuka nazo, anali mai Unity Dow, loya wa ku Mochudi mu Botswana, amene anakwatiwa ndi mwamuna wa ku America mu 1984. Lamulo la unzika la dzikolo linati mwana wobadwa mu ukwati atsata atate wace. Cifukwa ca ici ana ace awiri obadwa pambuyo pa ukwati, ngakhale anabadwira mu Botswana momwemo, anayesedwa alendo, ndipo kukhala kwao m'dziko kunadalira cilolezo ca atate wao. Cilolezoco cikadatha, maiyo akadasankha pakati pa kusiyana ndi ana ace ndi kucoka m'dziko la makolo ace. A Boma anayankha kuti mwambo wa Atswana utsata kucimuna, koma Bwalo Lalikulu mu 1991, ndi Bwalo la Apilo mu 1992, anagamula kuti mwambo sungapose malamulo aakulu a dziko amene aletsa tsankho. Lamulolo linasinthidwa mu 1995, ndipo mu 1998 mai Dow anakhala woweruza woyamba wamkazi wa Bwalo Lalikulu la Botswana.

Ku Zimbabwe nkhani inafika pa mwamuna mwini wace. Akazi atatu, onse nzika za dzikolo, anasuma mkulu wa ofesi yoona za olowa m'dziko cifukwa anakana kupatsa amuna ao acilendo cilolezo ca kukhazikika. Mlanduwu udziwika ndi dzina la Rattigan, ndipo unagamulidwa mu 1994 ndi bwalo lopambana onse, lotsogozedwa ndi woweruza wamkulu Anthony Gubbay. Oweruza anati mkazi ali ndi ufulu wokhala m'dziko lace, ndipo kupitikitsa mwamuna wace ndiko kupitikitsa mkaziyo, pakuti ukwati ndiko kukhala pamodzi. Caka comweco, pa mlandu wa Salem, bwalolo linaonjezera kuti mwamunayo aloledwenso kugwira nchito. Cifukwa cace ncosabvuta kumva: mwamuna woletsedwa nchito sangadyetse banja, ndipo njala idzawacotsa onse awiri m'dziko monga momwe wapolisi akadawacotsera.

Koma cigamulo ca bwalo sicikhala mau otsiriza masiku onse. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe inasintha malamulo aakulu kacikhumi ndi cinai, ndipo m'malo mopatsa amuna acilendo mwai umene akazi acilendo anali nao, inacotsa mwaiwo kwa onse. Amuna ndi akazi analinganadi, koma analingana m'kusowa. Panapita zaka 17 kufikira malamulo aakulu atsopano a 2013 anati munthu ali yense, mwamuna kapena mkazi, amene wakhala mu ukwati ndi nzika zaka zisanu angathe kupempha unzika.

South Africa ndilo dziko limene kwa zaka zambiri linafuna manja a amuna athu koma osafuna mabanja ao. Amene anapita ndi Wenela ku migodi ya golidi anagona m'makomboni a amuna okha-okha, ndipo akazi ao anatsala kumudzi. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, lamulo la alendo la 1991 linatsalabe. Lamuloli linapatsa akalaliki a Boma mphamvu yokana kuonjezera cilolezo ca mlendo wokwatira nzika popanda cowatsogolera ciri conse, kotero kuti mlendoyo anayenera kukadikira yankho kwao. Mu 2000, pa mlandu wa Dawood, Bwalo la Malamulo Aakulu, mwa mau a woweruza Kate O'Regan, linati kulekanitsa mwamuna ndi mkazi wace kotere kuononga ulemu wa umunthu. Mu 2001, pa mlandu wa Booysen, bwalolo linafafaniza lamulo lakuti mlendo wotere apemphe cilolezo ca nchito ali kunja kwa dziko, ndi lakuti apatsidwe nchito pokha-pokha ngati palibe nzika zokwanira zoigwira. Lamulo latsopano la 2002 linatsegula njira yakuti wokwatira nzika apemphe kugwira nchito, kucita malonda kapena kuphunzira.

Kuno kwathu, malamulo aakulu a Zambia monga anasinthidwa mu 2016 anena kuti munthu amene wakhala mu ukwati ndi nzika zaka zosacepera zisanu angathe kupempha kulembedwa unzika, ndipo sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Malamulo omwewo analolanso nzika ya Zambia kukhala ndi unzika wa dziko lina. Tsono panapita zaka 52 cilandirire ufulu kuti tifike pamenepa, ngakhale makolo a ambiri a ife analandira akamwini kuyambira kale lomwe.

Tisaganize kuti maboma alibe cifukwa cocenjerera. Alipo anthu amene amanga ukwati wonama kuti apeze pepala, ndipo dziko liri lonse lifuna kusungira ana ace nchito. Makolo athunso sanagawire munda munthu wosadziwika kwao; anayamba afunsa ankhoswe, nayang'ana makhalidwe ace nyengo zingapo. Anali ndi mwambi wakuti mkamwini ndi mlamba, sacedwa kuterereka. Koma kuyesa munthu nkosiyana ndi kummana khasu. Mkamwini wopanda munda adya za apongozi, nasanduka katundu pa mudzi, ndipo amene amva manyazi ndi njala koposa ndi mwana wa mudzi womwewo pamodzi ndi ana ace. Ici ndico oweruza a maiko atatu aja anaona: comcitikira mlendoyo cigwera nzika imene anakwatirana nayo.

Tsono inu amene mudzapeza banja kutsidya kwa malire, dziwani kuti mtsatso wa ukwati pa wokha sutsegula cipata. M'maiko ambiri cilolezo ca kukhala nca pa cokha, ca nchito nca pa cokha, ndipo unzika ubwera pambuyo pa zaka. Lembetsani ukwati wanu ku Boma ngakhale ankhoswe anaumanga kale pa mudzi, funsani ku ofesi ya olowa m'dziko musanasamuke, ndipo musalole tsiku lolembedwa pa cilolezo lipitirire. Ufulu umene ulipo lero anaupeza ndi anthu owerengeka amene analimba mtima kusuma Boma lao, ndipo za ku Zimbabwe za 1996 zitiphunzitsa kuti ungathe kucotsedwanso ngati eni dziko saulabadira.