Mileme inabwera ndi malata

Ika pansi botololo, mdzukulu wanga. Ndaliona pamene umatsika njinga, ndipo fungo lake landiuza kale kuti ndi mankhwala opopera thonje. Ukuti ukathira m'siling'imo mileme ithe? Tayamba wakhala apa pamkeka. Nzeru imene uli nayo leroyi ifenso tinali nayo m'nyumba ya abambo anga, ndipo inatigoneka pakhonde milungu itatu, dzinja lili pakati.

Ine ndikukula, pano pa Mponela nyumba zambiri zinali zaudzu. Moto unkasonkhedwa m'nyumba momwemo, utsi n'kumakwera kutsindwi mpaka phaso lonse kuda bii ndi mwaye. Ndani angagone mu utsi wotero? Mleme sunkayerekeza. Malo ake anali m'mphako za mitengo ikuluikulu, m'ming'alu ya matanthwe m'mapiri a ku Dowa, ndipo timileme tina tating'ono ngati chala chamanthu tinkabisala m'tsamba la nthochi lisanafunyululuke. Ife ana tinkatipeza tikapita kudimba. Ukagwedeza nsonga ya nthochi, kamleme n'kutuluka fwa! kukudutsa pamphuno.

Agogo anga aakazi sankaufuna mleme n'pang'ono pomwe. Ankatisimbira kuti utamwalira, mbalame zinabwera kudzaona maliro, zitaona mano ndi makutu zinati uyu si wathu, kaitaneni mbewa. Mbewa nazo zitaona mapiko zinabwerera panjira. Kwa agogowo chinthu chopanda mbumba yochilira chinali chokayikitsa, ndipo mleme ukalowa m'nyumba usiku ankayamba kuwerenga anthu amene anayambana nawo chaka chimenecho.

Tsono kunabwera malata. Abambo anapita ku Joni pa Wenela, nabwerako mu 1972, ndalama ya kwacha itangoyamba kumene. Anabwera ndi wailesi, jekete lalikulu, ndi mtima umodzi wokha: nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya siling'i ngati ya abusa. Anachita mwayi kuti anamanga msanga, pakuti mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, anthu athu ambiri n'kuferamo, ndipo Kamuzu anatseka ulendo wa kumigodi. Amene anali asanagule malata anatsala ndi maziko okha.

Nthawi yomweyo mitengo inali kutha. Ife alimi wamba sitinkaloledwa kulima burley, ameneyo anali wa maesiteti mpaka cha m'ma 1990. Wathu anali fodya wa chikopa wogulitsa ku ADMARC, ndipo chikopa chimapsa ndi utsi. Chaka ndi chaka nkhwangwa inkalowa m'thengo, ndipo inkayambira mitengo yakale yamphako, chifukwa ndiyo youma msanga. Ndiye taganiza wekha. Mwini mphako wagwetseredwa nyumba, akuyang'ana uku ndi uku, akuona denga la abambo anga: mdima ulimo, kutentha kulimo, utsi mulibe popeza amayi ankaphikira kukhitchini yapanja, kadzidzi ndi njoka sizifikamo. Pakati pa khoma ndi malata mmisiri anasiya timipata m'mizere monse. Mpata wolowa chala chako chaching'onochi, mleme umalowapo osakhudza n'komwe.

Chaka choyamba tinkangomva tswii tswii madzulo, tikumati ndi makoswe. Chachiwiri siling'i inayamba mawanga achikasu pakona. Chachitatu, dzuwa la Okutobala likawomba malata, fungo linkatsika lolasa m'maso, ndipo zitosi zakuda ngati mpunga wopserera zinkagwera pa tebulo la abambo kudzera m'mbali mwa siling'i. Alendo akabwera amayi ankawayalira mkeka pansi pa mango. Nyumba ya malata yoyamba pamzere wathu wonse, koma alendo kumadyera panja!

Agogo sakanalankhula ndi apongozi awo maso ndi maso, ndiye mawu ankadzera kwa amayi: auzeni bambo a kunyumbako kuti zimenezi si zabwinobwino, alipo amene wawatumizira. Abambo anali munthu wa tchalitchi, za kwa sing'anga anakana. Koma manyazi anawagwira, ndipo munthu wamanyazi sachedwa kuchita zinthu mwaphuma.

Linali Loweruka la mu Disembala, chimanga chili m'mawondo. Anatenga mbaula, anathiramo tsabola wa kambuzi wouma lichero lathunthu ndi zisanza, ine n'kukwera nayo pa kabowo ka siling'i. Tisanayatse, tinamata mipata yonse kunja ndi dothi, kusiya mbali imodzi. Utsi utakwera, mileme inatuluka masanasana, ili balala, ina kugwera pansi ana n'kumaipha ndi malegeni, ina akabawi n'kumaiwakha m'mwamba. Itasiya kutuluka, tinamata mbali yotsalayo. Abambo anasamba m'manja n'kunena kuti nkhani yatha.

Usiku umenewo palibe anagona. Kunja mileme inkazungulira nyumba, kumenya malata, kukanda pamene tinamatapo. M'katimo munkamveka kulira kwina kosiyana ndi kwamasiku onse, kopyapyala, kosalekeza. Amayi ndiwo anayamba kuzindikira. Anadzuka n'kukhala tsonga pamphasa, akuti: "Inu, amenewo ndi ana." Sitinadziwe kuti mileme ya m'madenga imaswa mvula ikayamba, nthawi imene ngumbi ndi tizilombo tachuluka, ndipo yambiri imaswanso kachiwiri dzinja likamapita kumapeto. Mleme suikira mazira. Umabereka kamwana kamodzi kopanda ubweya, n'kumakayamwitsa ngati mbuzi, ndipo kamwanako kamatha milungu ingapo kasanauluke. Ife tinathamangitsa amayi n'kutsekera makanda.

Kulirako kunatenga masiku atatu, kenaka zii. Tsiku lachisanu fungo linayamba. Ilo la zitosi lija linali bwino. Mphutsi zinkagwa kuchokera m'siling'i, ntchentche zobiriwira zili ng'waa pamazenera, ndipo tinsikidzi tina timene tinkakhala pa milemeyo titasowa mwini tinatsikira kwa ife. Ndi pamene tinasamukira pakhonde, mvula ikutiwaza. Abambo anakanganula mapepala awiri a siling'i, ine n'kumatola timitembo ndi fosholo. Sindinawerenge. Ndinali mnyamata wa mtima wouma, wosaka mbewa ndi wotchera mbalame ndi ulimbo, koma tsiku limenelo nsima sinatsike.

Ndipo pofika Febuluwale dothi lija linagumuka ndi mvula, mileme n'kubwerera ngati sipanachitike kanthu.

Amene anatiwombola ndi atsibweni, alongo awo a amayi. Iwo anali kalipentala, anagwirapo ntchito zaka zambiri m'mafamu a ku Rhodesia, kumene tinkati ku Halale, akukhoma madenga a nyumba ndi mashedi a fodya. Anabwera pa Isitala, anamva nkhani yonse ali phee, akufwenkha fodya wawo wamphuno. Atamaliza abambo kufotokoza, iwo anangoti: "Alamu, mlendo ukafuna achoke, sumutsekera chitseko ali m'kati. Ndidzabwera mukagulitsa fodya."

Abambo anafuna kuti ntchito igwiridwe sabata yomweyo. Atsibweni anakana. Anati dikirani mvula ithe, ana onse akhale akuuluka okha. Tinapirira fungolo Epulo, Meyi, Juni, mpaka anatulukira mu Julaye ndi bokosi lawo la zipangizo pakaliyala.

Tsiku loyamba sanakhudze hamala. Dzuwa litapendeka anatikhazika anthu anayi, aliyense pangodya yake ya nyumba, n'kutiuza kuti tiyang'ane pamene mileme itulukire. Ine ndinali ndisanayambe ndaonapo bwinobwino. Kachisisira katangoyamba, kumveka phokoso m'malata ngati anthu akukangana pamsika, kenaka umodzi psiti, kudzigwetsa pansi ngati mwala, n'kutambasula mapiko usanafike pa dothi. Wina, wina, kenaka mkokomo. Mtundu umenewu uli ndi kamchira kotulukira kumbuyo ngati ka mbewa ndi mapiko aatali opyapyala, ndipo sutha kunyamuka pansi ngati mpheta. Umafunika pokwera kuti udzigwetse. Ndinawerenga mpaka 200 n'kusokonezeka. Chimene atsibweni ankafuna sichinali chiwerengero ayi. Ankafuna makomo. Tinapeza kuti ngakhale mipata inali mbwee, mileme inkatulukira malo awiri okha: pansonga ya denga chakum'mawa ndi pangodya ya kukhonde. M'mawa anationetsa chizindikiro chake, pakhoma pali thimbiriro lakuda lamafuta ndi zitosi zomatirira.

Masiku awiri otsatira anatseka mipata ina yonse, osati ndi dothi lokha ngati ife, koma zidutswa za njerwa ndi matope osakaniza ndi simenti pang'ono, ndipo pamene panali matabwa anakhomapo timizere ta malata otsala. Makomo awiri aja anawasiya. Kenaka anatenga zitini ziwiri zazitali, anaziboola mbali zonse, n'kumangirira kumapeto kwake pulasitiki ya m'thumba la fetereza, yosokedwa ngati mwendo wa buluku, yotalika ngati mkono kufika pachigongono. Anakhoma chitini chilichonse pakhomo la mileme chitaloza pansi, n'kumata m'mbali mwake kuti njira ikhale imodzi yokhayo.

Madzulo tinakhalanso pangodya zathu. Mileme inachedwa, ikukayika. Kenaka umodzi unatsetsereka m'chitinimo, pulasitiki n'kugwedezeka, uwo wapita. Inatsatana usiku wonse. M'bandakucha pobwerera ndi pamene panali zoseketsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi: ikafika pakhomo lake ipeza chinthu choterera cholendewera, zikhadabo sizigwira, pakamwa pa pulasitiki pafwaphira. Inazungulirazungulira mpaka kunja kutayera, kenaka n'kulowera chakudambo.

Abambo anati tsekani tsopano. Atsibweni anati ayi, zitini zikhale sabata yathunthu, chifukwa usiku wozizira wa Julaye si yonse imene imatuluka, ina imagona ndi njala kudikira kuti kufunde. Tsiku lililonse ankagogoda siling'i ndi ndodo n'kutchera khutu. Tsiku lachisanu ndi chitatu, m'mwamba muli zii, anachotsa zitini n'kutseka makomo awiriwo. Sitinatole mtembo ngakhale umodzi.

Kunatsala zitosi. Apa atsibweni anakalipa koyamba, ataona ine ndikukwera ndi tsache. Anati fumbi la zitosi zouma likalowa m'chifuwa limadwalitsa, ndiye tiyambe tawaza madzi, timange nsalu kukamwa ndi kumphuno, tizikokola ndi fosholo. Anatiletsanso kugwira mleme ndi manja, ngakhale wooneka wofooka, pakuti wogwa pansi ndiye kawirikawiri wodwala, ndipo ukakuluma ungakupatse chiwewe chonga cha galu. Ukaupeza m'chipinda, tsegula zenera, zimitsa nyali, utuluka wokha. Ukakana, uvundikire ndi chitini, lowetsa kachikatoni pansi, kausiye pa nthambi madzulo.

Tinatsitsa matumba anayi. Abambo ankati tikataye kudzala, koma atsibweni anawanyamulira kudimba la agogo. Mpiru umene unamera pamenepo masamba ake anali ngati a fodya. Agogo, omwe aja ankati mileme ndi yotumizidwa, chaka chotsatira anatuma amayi kukafunsa ngati m'dengamo mwatsalako manyowa ena. Za ufiti sanazitchulenso, ngakhale sanavomerepo kuti analakwitsa. Akuluakulu akale sankatero.

Usasokoneze ndi mileme ikuluikulu ija ya nkhope ngati ya galu, imene imakudyera mango ndi nkhuyu. Imeneyo m'denga silowa, imalendewera m'mitengo, ndipo ndi mtundu umene umasonkhana miyandamiyanda ku Kasanka m'dziko la Zambia mvula ikamayamba. Ya m'denga mwakoyi chakudya chake ndi tizilombo touluka usiku: udzudzu, ngumbi, tizikumbu, ndi agulugufe ausiku aja amene amaikira mazira a mbozi m'chimanga. Kuyambira pamene ntchemberezandonda zachilendo zija zinatipeza mu 2017, iwe wemwe wakhala ukuthira mchenga ndi sopo m'nsonga za chimanga. Ndiye lero ukufuna kupha amene amakugwirira ganyu usiku osakulipiritsa? Ku Lilongwe kuli bungwe lotchedwa African Bat Conservation limene limathandiza anthu a vuto ngati lakoli, ndipo njira yawo ndi ya atsibweni yomwe ija: khomo lotulukira lokha, pa nyengo yopanda ana.

Ukufunsa kuti inapita kuti? Ina inalowa mumkuyu waukulu wa kudambo, umene unapulumuka nkhwangwa chifukwa unali pafupi ndi manda. Koma ina, ndisakunamize, inangowoloka msewu. Patapita miyezi iwiri aphunzitsi ena amene anali atangofolera nyumba yawo ndi malata anabwera kudzagogoda, chipewa chili m'manja, kufunsa kuti akalipentala aja amakhala mudzi uti.

Tsono uno ndi Januwale, mdzukulu wanga. Tamvera m'mwambamo, kulira kopyapyalako ukukumva? Botololo kabweze, kapena kasungire thonje. Uyale pulasitiki pamwamba pa siling'i pamene pakudonthapo, upirire mpaka tikolole. Zitini ndili nazo. Makwerero ali kuseri kwa nkhokwe, koma uyambe wawaona mwendo wakumanzere, chiswe chinayambapo.