Amene Anatsala ndi Moyo pa Mliri wa SARS ku Hong Kong

Omvera, anthu akamakumbukira mliri amakonda kuŵerenga maliro. Madzulo ano tiyeni tikambe za amene anapulumuka.

M'chaka cha 2003 mzinda wa Hong Kong unagwidwa ndi nthenda ya m'mapapo yotchedwa SARS. Anthu 1,755 anadwala, 299 mwa iwo namwalira. Pa chipatala cha Prince of Wales nthendayi inabuka m'mwezi wa March, ndipo madokotala ndi anamwino ambiri anagwa nayo iwo omwe. Pa 23 June bungwe la World Health Organization linachotsa mzindawo pa mndandanda wa malo a mliri.

Koma otuluka m'chipatala sanabwerere kwawo ali monga anali kale. Patapita miyezi, madokotala anawaitananso nawayesa m'njira yosavuta: munthu aziyenda pakhonde kwa mphindi 6, kenaka ayeze mtunda umene wayenda. Ambiri sanafike pamene anzawo a msinkhu womwewo amafika, ngakhale chaka chitatha. Chodabwitsa n'chakuti mapapo a ambiri anali atachira ndithu. Chimene chinaphwa ndi minofu, pakuti munthu akagona masabata angapo osaponda pansi, ntchafu zimafota, mtima nuiŵala ntchito yolemetsa. Ena anapeza tsoka lina: mankhwala a steroid, amene anaperekedwa ochuluka pofuna kuwapulumutsa, anachititsa kuti fupa la m'chiuno lisoŵe magazi ndi kufa. Sindikuweruza madokotalawo, ankalimbana ndi mdani amene sanamuonepo. Panalinso mantha, kusoŵa tulo, ndi chisoni cha munthu amene anansi akumuthaŵa.

Apa ndipo akatswiri olimbitsa thupi la odwala anaonetsa kufunika kwawo. Anakonza maphunziro a masabata 6, a kuyenda, kupalasa njinga yosasuntha ndi kunyamula zolemera pang'onopang'ono. Amene anatsata maphunzirowo anayamba kuyenda mtunda wotalikirapo, mphamvu nizibwerera m'manja ndi m'miyendo. M'mwezi wa November chaka chomwecho boma la Hong Kong linakhazikitsanso thumba la ndalama lothandiza mabanja oferedwa ndi opulumuka amene thupi linawakanika.

Pamene COVID-19 inadzaza zipatala mu 2020, zolemba za ku Hong Kong zinavundukulidwanso. M'zipatala zambiri odwala ankadzutsidwa kuti akhale tsonga m'mphepete mwa bedi, naponda pansi, chipangizo chowapatsa mpweya chidakali kumphuno.