Matalala a ku Gibeoni ndi mayina a Mulungu

Mlaliki wa pamsewu ku Limbe akatsegula Yoswa mutu 10, ngakhale oitanira minibasi amatchera khutu. Mafumu asanu a Aamori anazinga mzinda wa Gibeoni, Yoswa nayenda usiku wonse kukawathira nkhondo. Adaniwo ali mkati mothawa, kunagwa matalala akuluakulu amene anapha anthu ambiri kuposa amene anafa ndi lupanga. Dzuwa nalo linaima mpaka nkhondo itatha.

Akhristu amatcha zimenezi zozizwitsa, ndipo amazisiyanitsa ndi matsenga. Wamatsenga amakhulupirira kuti akasakaniza bwino zizimba zake, mphezi imumvera. Yoswa analibe chithumwa m'chiuno. Anangopempha, mwini dzuwa navomera.

Nanga mwiniyo timamutchula ndani? Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, limati Yehova, ndipo m'mabuku ena a Chipangano Chakale limawonjezera kuti wa makamu. Makamuwo si asilikali a Israeli okha: angelo ndi nyenyezi nazo zili m'gulu lake lankhondo. Buku Loyera la mu 1998 linasankha dzina loti Chauta, limene ambiri amaligwirizanitsa ndi utawaleza. Makolo athu ankatinso Mphambe akamva ziphaliwali, ndi Chisumphi akamapempha mvula. Motero amishoni a Church of Scotland asanafike ku Blantyre mu 1876, anthu kuno ankadziwa kale kuti mitambo ili ndi mwini wake. Chimene Baibulo limatsindika n'chakuti Mulungu si mphezi, si mvula. Izi ndi zolengedwa, antchito ake otumidwa.

Mawu ovuta kwambiri ndi oti chilango. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe. Ena anati wadutsa Napolo, ena anati Mulungu wakwiya. Koma amene anakwiririka kumeneko sanali Aamori. Anali ana, amayi ogulitsa makala, akhristu a kumphakati. Yesu mwini, pa Luka 13, anakana zoti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo.

Alaliki athu, lalikirani za mphamvu za Chauta mopanda mantha, koma pasiwa musamafulumire kutchula chilango.