Nyanga za pa Mphambano

Pamene amisyoni a Dutch anamanga Magwero m'caka ca 1899, Madzimoyo mu 1903, ndi Nyanje mu 1905, anaika malamulo olimba kwa munthu wofuna ubatizo. Munthuyo anayenera kukhala m'kalasi nthawi yaitali, kuleka mowa ndi mitala, ndi kupewa Nyau. Malamulo onsewa anali a zinthu zooneka ndi maso. Akulu a mpingo anali kudziwa msanga munthu wakumwa, pakuti mowa umanunkha. Analinso kutha kuwerenga akazi a munthu. Koma panalibe mkulu wakutha kuona mantha a mumtima, ndipo mantha oposa onse masiku amenewo anali a ufiti.

Cimene cinaulula mantha amenewa ndico Mcape. Pa zaka za 1933 ndi 1934 anyamata obvala bwino zacizungu anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi Northern Rhodesia, nafika ku maiko enanso oyandikana. Iwo anati anatumidwa ndi Kamwende wa ku Mlanje, amene mbiri yace inamveka kuti anafa naukanso, nabwera ndi mankhwala otsuka dziko. Pofika pamudzi anali kundandalitsa anthu, amuna paokha ndi akazi paokha, nayang'ana mmodzi mmodzi m'kalirole. Wopezeka ndi mlandu anali kuuzidwa kuti aturutse nyanga zace. Pambuyo pace onse anali kumwa mankhwala ofiira, atacenjezedwa kuti wobwerera ku ufiti adzafa. Nyanga ndi zithumwa zinali kuunjikidwa pa mphambano kuti aliyense wopita m'njira azione.

Amisyoni analetsa Akristu kumwa Mcape, komabe ambiri anamwa, ndipo ena anadulidwa mu mpingo cifukwa ca ici. Kukana kunali kobvuta, pakuti wokana kumwa anali kuyesedwa mfiti ndi abale ace omwe. Tsono kunaoneka poyera kuti ubatizo sunacotse nyanga m'nyumba zonse. Munthu anali kuimba nyimbo pa Sabata, dzina lace liri loyera m'buku la mpingo, koma cimene anali kukhulupira mwana akadwala usiku cinali cobisika kudenga. Akale anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma mlandu uwu uyenera kuweruzidwa mosamala. Audrey Richards, amene anaona a Mcape pakati pa Abemba mu 1934, anapenda nyanga zounjikidwa, napeza kuti zambiri sizinali zophera anthu, koma zochinjiriza thupi, munda ndi ulenje. Eni ace ambiri sanali mfiti. Anali anthu amantha. Mkristu wosunga cithumwa analakwa pa kuonetsa nkhope ina kwa mbusa ndi ina kwa sing'anga. Nawonso mpingo unali ndi gawo lace. Unafunsa za mowa ndi za akazi, koma za ufiti amisyoni ambiri anangoti kulibe, motero munthu wogwidwa ndi mantha analibe kokaulula. Cinthu cimene munthu saloledwa kucinena amacibisa, ndipo cinyengo cimamera pomwepo.

Mcape nawo unagwa m'mbuna yomweyo. Unalonjeza kutsuka mudzi wonse tsiku limodzi ndi kalirole ndi cikho ca mankhwala, osakhudza nsanje ndi udani zimene zinali kubala milandu ya ufiti pakati pa abale. Anyamata aja atapita ndi ndalama zao, maliro anabweranso, ndi kulozana zala kunayambanso. M'caka ca 1947 Acewa a m'boma la Fort Jameson, limene lero lichedwa Chipata, anali pa ulendo kachiwiri, kunka kwa Bwanali ku Nyasaland kukafuna kutsukidwa kwina.

Mbiri iyi ionetsa kuti buku la mpingo ndi kalirole wa Mcape zinalephera pa malo amodzi: zonse ziwiri zinayesa munthu kunja. Kuleka mowa kutheka ndi lamulo, ndi kutaya nyanga kutheka ndi manyazi pamaso pa khamu. Koma kuleka kuopa mbale, ndi kuleka kumfunira zoipa, ndiyo nchito ya zaka zambiri imene icitika mumtima popanda mboni. Kumene nchito imeneyi sinacitike, nyanga yotayidwa pa mphambano inali kulowedwa m'malo ndi ina dzinja lisanafike.