Chumuni

Mawu akuti chumuni, ngakhale tinachita kubwereka kwa Angerezi, anakhazikika pakati pathu ndi matanthauzo awiri: galasi lija lotchinga lawi la nyali ya palafini, ndiponso mpita wanjerwa umene utsi wa moto wootha m'nyumba utulukira pamwamba pa denga. Ntchito yake ndi imodzi, pakuti mpweya wotentha, pokhala wopepuka, ukwera, nukoka mpweya watsopano kunsi, moto nuyaka bwino.

Koma iwo okhala ku Dedza kapena ku Zomba, kumene chisanu cha mu June chilowa m'mafupa, adziwa kuti chumuni chikachepa msinkhu kwa nsonga ya denga kapena mitengo yoyandikana nacho, chikazizira m'kati, kapena chikatsekeka ndi mwaye ndi zisa za mbalame, utsi ubwerera m'chipinda, ana nayamba kutsokomola. Pamenepo mwininyumba achisese, achikweze kufikira chipose denga, ndipo asanakoleze nkhuni, zimene ziyenera kukhala zouma ndithu, ayambe watentha pepala pakamwa pa chumunicho kuti chifunde. Zikakanika izi atsegule zenera pang'ono, popeza nyumba yotsekedwa ponseponse imana moto mpweya, ndipo utsi wotere ungathe kupha munthu ali m'tulo.