Samuel Nthara ndi Mpikisano wa ku London: Mmene Aphunzitsi Anasandukira Ofufuza za Chikhalidwe

M'chaka cha 1926 akatswiri a zinenero, amishoni ndi akuluakulu a maboma a atsamunda anakhazikitsa ku London bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures. Wapampando wake anali Lord Lugard, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchito zake anali Diedrich Westermann, katswiri wa zinenero wa ku Germany. Bungweli linali ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba inali yakuti zinenero za mu Africa zinkalembedwa mosiyanasiyana, mishoni iliyonse ndi kalembedwe kake. Yachiwiri inali yakuti anthu ophunzira kuwerenga ankasowa chowerenga kupatula Baibulo, katekisimu ndi mabuku a nyimbo. Pofuna kuthana ndi vuto loyambalo, bungweli linatulutsa kabuku ka malangizo a kalembedwe mu 1927, kamene kanakonzedwanso mu 1930. Pa vuto lachiwirilo linayambitsa mpikisano wolemba mabuku m'zinenero za mu Africa, ndipo olemba anali eni zinenerowo.

Ku Nyasaland mpikisanowu unapeza nthaka yogalauza kale. Ntchito yomasulira Buku Lopatulika, imene mtsogoleri wake anali William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, inali itatha mu 1922, ndipo masukulu a m'midzi anali atatulutsa aphunzitsi odziwa kugwira cholembera m'chinenero chawo. Mmodzi mwa iwo anali Samuel Josia Nthara, wobadwa mu 1905, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene pa mabuku ake dzina lake linalembedwa kuti Ntara. Mu 1933 buku lake lotchedwa Nthondo linapata mphoto pa mpikisanowo. M'chaka chomwecho munatulukanso Omenuko, buku la m'Chiigbo la Pita Nwana wa ku Nigeria, lochokera mu mpikisano womwewo.

Nthondo ndi nkhani ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa: ubwana wake kumudzi, zolakwa za unyamata, ulendo wokafuna ntchito kutali, ufumu, ndi kutembenuka mtima kwake. Kutembenukako n'kumene amishoni ankakondwera nako, ndipo wowerenga wa lero sachedwa kuona kuti mathero a nkhaniyo anawumbidwa m'bwalo la tchalitchi. Komatu phindu lalikulu la bukuli lili kwina. Pofuna kuti moyo wa Nthondo umveke, Nthara anayenera kulongosola mmene mwana amalandiridwira, mmene mlandu umakambidwira pabwalo, mmene maliro amayendera, ndi amene ali ndi mawu pabanja la Achewa. Zimene akatswiri a chikhalidwe ochokera kunja ankazifunafuna kudzera mwa womasulira, iye anazilemba monga mwini wake, m'mawu amene eni mwambowo amagwiritsa ntchito. Mbusa Thomas Cullen Young, amene anagwirapo ntchito ku mishoni ya Livingstonia, anamasulira bukuli m'Chingerezi, ndipo linatuluka mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa, mawu otsogolera atalemba Julian Huxley.

Kuchokera pamenepo Nthara analowa m'kafukufuku weniweni. Chapakati pa zaka za m'ma 1940 anatulutsa Mbiri ya Achewa, buku losonkhanitsa zimene mafumu ndi nkhalamba ankakumbukira zokhudza Kalonga, mafuko a Phiri ndi Banda, likulu la ku Mankhamba ndi kachisi wa ku Msinja. Pa nthawiyo akatswiri ambiri a ku Ulaya sankaiwerengera mbiri yapakamwa ngati umboni. Buku lotchuka la Jan Vansina loteteza umboni woterewu linadzatuluka mu 1961. Mphunzitsi wa ku Nkhoma anali atayamba kale ntchitoyo, ngakhale kuti analibe njira zoyesera umboni zimene zinadzabwera pambuyo. Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden, lomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ndemanga zake atalemba Harry Langworthy. Mu 1949 Young anamasuliranso mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, yolembedwa ndi Nthara yemweyo, n'kuitcha Headman's Enterprise.

Nthara sanali yekha. Mu 1946 munatuluka buku lotchedwa Our African Way of Life, lokhala ndi zolemba za John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, zimene zinaperekedwa ku mpikisano wa bungwe lomwe lija. Omasulira ndi okonza anali Cullen Young ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo anali dokotala ku Britain. Apa mpamene vuto la matchulidwe a zinthu linaonekera poyera. Mawu monga nkhoswe, mbumba, chikamwini ndi chinamwali alibe anzake enieni m'Chingerezi. Nkhoswe si mboni chabe ya ukwati, pakuti udindo wake sutha tsiku la ukwatilo. Ndiye wothamangirako banja likagwedezeka, wina akadwala, kapena maliro akagwa. Mbumba nayo si banja monga Mngerezi amalimvera, koma alongo ake a munthu pamodzi ndi ana awo, amene iye amawayang'anira. Womasulira akasankha liwu limodzi la Chingerezi, theka la tanthauzo limatsalira m'mbuyo, ndipo akatswiri olemba za Achewa m'Chingerezi akhala akungowasiya mawu oterewa monga alili n'kuwafotokoza.

Pali chodandaulitsa m'mbiri imeneyi. Mpikisano unakhazikitsidwa kuti ana a sukulu apeze zowerenga m'chinenero chawo, koma ulemu wa kafukufukuyo unadzera m'Chingerezi, ndipo ambiri otchula Nthara m'mabuku a ukachenjede amatchula zomasulirazo. Chinanso n'chakuti olembawa anali anthu a mishoni, ndipo mishoni ya Nkhoma inkalimbana kwambiri ndi nyau. Mphunzitsi wolandira malipiro ku mishoni sakanatha kulemba momasuka za luso la gule wamkulu, zigoba zake ndi maphunziro a kudambwe, zimene bungwe la UNESCO linadzazivomereza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Wowerenga mabuku a nthawiyo ayenera kutchera khutu ngakhale pamene wolemba wakhala chete.

Kwa akonzi, mabukuwa ali ndi msampha wa kalembedwe. Mfundo ya kabuku ka 1927 kaja inali yakuti liwu limodzi likhale ndi lembo limodzi, ndipo mabuku a Chinyanja a m'zaka zotsatira ankalemba c pamene lero pali ch: Acewa, Cinyanja, cinthu. Malembo a ch ankaimira liwu lotuluka ndi mpweya, limene lero limalembedwa tch. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress utasankha Chichewa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, panakhazikitsidwa Bungwe la Chichewa mu 1972, ndipo malamulo ake a 1973 anasintha kalembedweko. Ku Zambia c anakhalabe. Motero nchito inakhala ntchito, Ncheu inakhala Ntcheu, Nchisi inakhala Ntchisi. Wosindikizanso buku lakale akangosintha c kukhala ch, naiwala kusintha ch wakale kukhala tch, amasakaniza maliwu awiri amene wolembayo anawasiyanitsa bwino. Mutu wa buku lina la Nthara, Nchowa, la mu 1949, uli m'gulu lomweli: m'kalembedwe ka lero ukanakhala Ntchowa.